Maliro a m'filimu ya amalume

Bokosi lija amalume analikhoma ndi matabwa a makereti a matimati, n'kulipaka utoto wakuda. Mpaka lero ndikamva fungo la utoto wauwisi mtima umandigunda.

Inali tchuthi cha Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi m'Kapata monse. Amalume anali atabwereka kamera kwa mnzawo wojambula maukwati, ati akupanga filimu yanthabwala, yoimba mwinamwina. Nkhani yake inali ya mnyamata wosalidwa amene akunamizira kufa kuti aone amene abwere pamaliro ake. Sanafune wina ayi, anasankha achimwene anga. Achimwene anali achibwibwi. Kusukulu ankadya okha kuseri kwa kalasi, anzawo akuwayeseza, ndipo ngakhale amayi ankawadula mawu: "Lankhula msanga, ndili ndi ntchito ine!" Koma akayamba kuimba, chibwibwi chonse balala, mawu see ngati a pawailesi.

Ine ndi atsikana anzanga tinali olira. Nyimbo yathu inali yodandaula kuti tiyi wa pamaliropo alibe shuga, tikuvina uku tikupukuta misozi yabodza. Amalume akaimba likhweru, achimwene adzuke m'bokosi n'kutiyankha ndi nyimbo. Amayi sanauzidwe kanthu, poti akanakana. Tinadikira kuti apite kumsika kumene ankagulitsa.

Ndiye taonani nzeru za amalume! Ati kuti zioneke zenizeni, anathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba. Munthu wamkulu, wobadwira konkuno, kuiwala kuti masamba pamsewu alibe nthabwala! Anjinga anayamba kutsika n'kumakankha. Azibambo zipewa m'manja. Azimayi a kutchalitchi analowa pabwalo atamanga zitenje, wina atasenza nkhuni. Amalume kuona khamulo anangosekerera, diso lili pakamera, ati anthu a m'filimu abwera okha.

Sitinadziwe kuti wina wathamangira kale kumsika.

Kulira kwa amayi ndinakumva asanaoneke. Sindinamvepo mawu otero kuchokera m'kamwa mwa munthu. Anafika opanda nsapato, duku litagwa m'njira, nadzigwetsa pabokosi paja. Nyimbo yathu ya shuga inazima yokha. Ine ndinangoti kakasi, osatha kunena kuti amayi, ndi sewero ili.

"Mwana wanga wofatsa iwe! Ndinkakudula mawu ine, unkafuna kundiuza chiyani? Ndiuze tsopano, ndikhala pansi, ndimvera!"

Kumpanda kunaima anyamata omwe aja a kusukulu, mitu ili pansi. Mayi wina wa pafupi nafe anayamba kusimba mmene mwanayo ankamutungira madzi osatumidwa. Apa amalume anazindikira zimene achita. Anaimba likhweru. Zii. Anaimbanso. Bokosi silinagwedezeke. Ndinaona nkhope ya amalume ikusanduka phulusa, ndipo ndinati mumtima: abanika, tawapha achimwene ndi masewera athu.

Amalume anataya kamera m'fumbi, anakankha amayi, nazula chivundikiro.

Achimwene anali chigonere chagada, maso ali tong'o, misozi ikutsikira m'makutu. Atadzuka pang'onopang'ono, mayo ine, bwalo linasweka! Azimayi kukuwa, nkhuni mbwee, wina kudumpha mpanda. Amayi anawayang'ana achimwene nthawi yaitali, kenako khofi pha patsaya, kenako anawakumbatira mpaka onse awiri anagwera pansi. Amalume tsiku lomwelo anakwera minibasi ya ku Mwami, ndipo chaka chinatha osaponda pakhomo pathu. Filimuyo sinathe. Ndine mayi tsopano, ndipo kunena zoona amalume aja sindinawakhululukire kwenikweni.

Koma masiku amenewo mkwiyo wanga unali pa achimwene. Ndinawapeza akutsuka mbale kuseri, ndinawafunsa ngati likhweru sanalimve. Anati analimva.

"Nanga bwanji simunadzuke, achimwene? Amayi akanafa!"

Analimbana ndi mawu, khosi likukoka, ine ndikuponda phazi kuti afulumire.

"Ndi-ndi-ndinkafuna amalize."

Ndinawatcha ankhanza, n'kuchoka asanawonjezere china. Ndinali mwana. Sindikanamvetsa kuti munthu angasankhe kubanika m'bokosi lotentha lonunkha utoto, bola amve kamodzi kokha amayi ake akunena kuti akhala pansi, amvera.