Matumba a mankhusu m'nyuzipepala ya azungu

Lachiwiri lapitali ndinadzichititsa manyazi pa bawo, ndipo poti mudzamva ndithu kwa ena, bola ndikuuzeni ndekha.

Tinali pansi pa mtengo wa mango paja timakhala ku Benga, nkhani n'kufika pa chaka chija madzi anasefukira m'minda ya mpunga kwa Malengachanzi. Wina anati chaka chimenecho kunali njala. Ine, mwini kuwerenga, ndinakana. Ndinati mpunga unachita bwino, ndipo umboni ndili nawo. Ndinasiya masewera pakati, ulendo kunyumba kukavundukula sutikesi, n'kubwerako ndi kachidutswa ka nyuzipepala kofiirira ndi ukalamba. Ndinakayala pa bawo penipeni: chithunzi cha alimi akumwetulira patsogolo pa mulu wa matumba, m'munsi mwake mawu a Chingerezi otama zokolola.

Onse anawerama kuti aone. Kenaka a Mhone, amene nyumba yawo inayandikana ndi yanga kuyambira unyamata wathu, analoza ndi chala.

"Aphunzitsi, wagwira thumbayu ndani?"

Uphunzitsiwo ndi wondinyogodola chabe, sukulu ndinalekezera Sitandade 4.

"Ndine," ndinatero.

"Nanga m'thumbamo munali chiyani?"

Abale anga, ndinakumbukira. Munali mankhusu.

Ndikufotokozereni bwino. M'masiku a chipani chimodzi kunali nyuzipepala ya Chingerezi yochokera kunja, yolembera azungu okhala m'dziko muno ndi m'mayiko oyandikana nafe. Mlamu wanga anali khukhi wa mzungu wina ku boma, ndiye bwana akamaliza kuwerenga ankandisungira. Inkandipeza itatha masabata awiri, ina ili ndi mafuta a nyama, koma ine ndinkailandira ndi manja awiri. Chingerezi changa chonse ndinachitola m'menemo, liwu limodzilimodzi, ndi dikishonale yopanda chikuto.

Ndipo musaganize kuti inkangonama. Ikati sitima ifika Lachinayi, inkafikadi Lachinayi. Ikati nyanja yakwera, asodzi ankavomereza. Galu wa mzungu akasowa inkalemba mtundu wake, dzina lake, mpaka khutu limene linang'ambika. Loweruka masana anthu ankandizungulira, ine n'kumamasulira monyada ngati womasulira wa ku khoti. Masiku amenewo ndimawasowa, sindikubisirani. Ndinali munthu.

Koma ikafika pa za ife ndi za boma, inkasanduka mlendo waulemu amene amatama ndiwo ngakhale zilibe mchere. Inkadziwa kuti ikalemba za njala kapena za munthu amene watengedwa ndi apolisi osabwerako, mawa lake siilowanso m'dziko. Ndiye tsamba lililonse kunali mtendere, chitukuko, alimi okondwa. Owerenga ake ankafunanso zomwezo. Ndani afuna kumwa tiyi wake wam'mawa akuwerenga kuti wom'phikira tiyiyo ana ake agona ndi njala?

Chaka cha madzi chija, tcheyamani wa chipani anatiuza kuti kukubwera mzungu wojambula, ndipo dera lathu lisachititse manyazi mtsogoleri. Mpunga unali utapita ndi madzi. Tinatola matumba, tinathiramo mankhusu, apamwamba awiri okha ndiwo munali mpunga weniweni wobwereka kwa wamalonda. Tinasamba, tinavala zakutchalitchi ndi zakumzikiti, tinamwetulira. Mzunguyo sanakhale ndi ola lomwe. Sanakweze thumba ngakhale limodzi. Akanangolikankha ndi phazi akanadziwa.

Nyuzipepala itafika ndinaiwerengera mudzi wonse, tonse n'kuseka mpaka misozi. Kuseka kunatha pamene tinamva kuti chimanga cha chithandizo chapita kwina, poti ife akuti tinakolola. Miyezi imeneyo tinkaphika mango osapsa.

Tsono chimene chandisowetsa mtendere sabata ino ndi ichi. Ine ndinalipo. Singano yosokera matumbawo ndinaigwira ndine. Mango aja anandipweteka m'mimba ine ndemwe. Zinatheka bwanji kuti patapita zaka ndiime pagulu n'kunena kuti tinakolola? Ndaona kuti mimba imaiwala, koma pepala limakhalabe m'sutikesi, likunena zomwezo chaka ndi chaka mpaka mwini wake kuzikhulupirira. Makamaka likakhala la Chingerezi. Enafe chinthu chikalembedwa m'Chingerezi timachivulira chipewa.

Lero nyuzipepala ija kulibe, azungu ake ambiri anapita. Koma khalidwe lija latha? Mlendo akabwera ndi kamera, sitisesabe pabwalo n'kubisa odwala kuseri? Ndipo zimene wajambulazo zikabwerera kwa ife pa foni, sitizikhulupirira kuposa maso athu? Adzukulu athu akadzafuna kudziwa mmene tinkakhalira adzapeza matumba odzaza ndi nkhope zosekerera. Ndani adzawauze kuti akankhe thumba ndi phazi?

Bawo litatha ndinanyamuka mwakachetechete, kapepala kali m'thumba la malaya, nditatsimikiza kuti kakayatsira moto. A Mhone anandipeza panjira, akukoka njinga yawo.

"Aphunzitsi, mwakwiya?"

"Ayi, ndadzikwiyira ndekha. Kabodza aka ndikukakatentha."

Anaima. Anapempha kuti akaonenso, ndipo anakayang'ana nthawi yaitali, atakatalikitsa ndi maso poti magalasi anasiya kunyumba. Chala chawo sichinapite pa matumba. Chinapita kumapeto kwa mzere, pa mayi wina wovala duku, mwana ali kumsana, amene ine pa zaka zonsezi sindinamuyang'anitsitsepo. Anali Nyachirwa, akazi awo, amene tinawaika m'manda zaka zambiri zapitazo.

"Sanajambulitsepo kwina kulikonse," anatero a Mhone. "Ana anga nkhope ya mayi awo akuiiwala. Musatenthe, achimwene. Mundipatse ine. Koma mubwere ndi lumo, Chingerezi chili m'munsichi muchidule, mukhale nacho ndinu."