Kubuula kwa Bambo pa Piyano

Bambo athu satha kuimba piyano atatseka pakamwa. Ndikuti "satha" ngati alipo, poti lilime langa silinazolowere. Mwezi sunathe chiwaikire m'manda.

Akakhala pa kampando kawo, amayamba avula nsapato ya kumanja, ati phazi lizimva bwino chopondera. Zala zikangoyamba kuthamanga, kukhosi nako kumayamba: hmm, aaa, hmm, ngati munthu wosenza thumba la simenti pachitunda. Amayi awanena zaka makumi anayi.

"Bambo a ana, jazi yanuyi ndi nyimbo kapena matenda?"

"Mayi, galimoto yamphamvu imamveka injini," amatero iwo.

Tsiku lina ku situdiyo, wojambula nyimbo anadandaula kuti kubuulako kukulowa m'makina. Bambo, munthu wosakonda mikangano, anadzimanga mpango kukamwa. Anaimba ngati mbuzi ikuyenda padenga la malata! Woimba ng'oma anagwetsa timitengo take ndi phwete, wojambula uja n'kudzawamasula yekha. Chimbale chimenecho ndiye chinawatchukitsa, kubuula kuli momwemo.

Sabata yatha wojambula yemweyo anabwera kudzatipepesa. Anati masiku ano kuli makina ochotsa phokoso lonse, patsale piyano yokhayokha, chimbale chituluke mwatsopano. Anafe tinavomera msangamsanga. Amayi anali kupukuta nsapato ya kumanja ija, yomwe bambo anaisiya pansi pa piyano tsiku lomwe anadwala.

"Piyano aliyense angaimbe, achimwene," anatero amayi. "Mukachotsa kubuulako, ine ndizimvera chiyani? Amuna anga musawaike kawiri."