Tsiku lojambula ana a sitandade 8

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 7, ndiye pa nkhani za sukulu ndinkakhulupirira pepala. Pa ofesi ya alangizi a sukulu za dera lathu, zotsatira za mayeso a sitandade 8 zikatuluka amamata pepala pakhoma: sukulu yokhozetsa ana pamwamba, yolephera pansi. Ndinkadutsa pamenepo potsika kuphiri ndi mtolo wa nkhuni zogulitsa, ndinkatula, khosi likuwawa, n'kumawerenga ndi chala. Pamwamba inali sukulu yomweyomweyo, ya kumtunda kwa tauni. Pansi penipeni, ya kwathu kufupi ndi mtsinje wa Likangala, kumene mwana wanga wamkazi ankaphunzira.

Mwanayu ndinamubereka ndili mwana inenso. Aphunzitsi anandibwerezetsa 7, thupi linakula pakati pa tiana, anyamata ankandiitana kuti anganga, ndinasiya, ndipo chaka chisanathe ndinali ndi mimba. Ndiye mumvetse kuti ndikamuona akutalika, diresi likuyamba kumuthina, ndinkaopa kuti angatsate mapazi anga. Ndinkangofuna alembe mayeso aja msanga, adutse pamene ine ndinagwera.

Ali sitandade 6 ndinamusamutsira kumtunda. Ahedi a kumeneko ndi mayi amene timapemphera nawo tchalitchi chimodzi, amakhala benchi ya kutsogolo kwanga. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

“Mwaganiza bwino, mayi. Kuno mwana salephera.”

Ndinawakhulupirira. Ndinalowa gulu la amayi ophika phala la ana, ndinkasiya nkhuni zanga pa tsiku langa lophika. Zotsatira zitatuluka chaka chimenecho sukulu inakhalanso pamwamba, alangizi anabwera pa njinga yamoto kudzagwira ahedi chanza, ife tinamanga zitenje m'chiuno, kuvina pabwalo, ine nthungululu mpaka mawu kusasa. Palibe anavina kuposa ine, ndikuvomera.

Chinthu china ndinkachiona, ndithu ndinkachiona, koma sindinachifunse. Pogawa phala mzere wa sitandade 7 unkafika mpaka pa mtengo wa mango, ana akuluakulu ali mommo, ena ndevu zikumera. Mzere wa sitandade 8 unkatha chikombe chisanatenthe m'manja. Ndinkati kaya, mwina ana amangosiya okha.

Mwana wanga analowa 8. Masamu ankamuvuta, sindibisa, koma Chichewa ndi Chingerezi ankandiwerengera mpaka makalata a kuchipatala. Patangopita masabata ochepa analemba mayeso oyeserera. Kenako anauzidwa kuti Lachinayi kubwera wojambula, chifukwa aliyense wolemba mayeso a boma amajambulidwa chithunzi cha pa chitupa cholowera m'chipinda cha mayeso. Wopanda chitupa salemba.

Lachitatu ndinamumetetsa. Yunifolomu ndinachapa, ndinasita ndi simbi yamakala, kolala ndinaibwereza kawiri. M'mawa ndinamudzoza mafuta ndekha ngati khanda, iye akuseka, “Amayi, mwandiwalitsa ngati chitumbuwa.” Tsiku limenelo kuphiri sindinapite, ndinati ndidikire adzandiuze mmene zayendera.

Anabwera dzuwa lisanafike pamutu. Sanalowe m'nyumba, anakhala kuseri kwa bafa, kolala ili chiimire mmene ndinaisitira.

“Iwe, akujambula?”

Anayamba kutokosa pansi ndi kamtengo.

“Ndikufunsa iwe!”

“Anaitana mayina. Ife amene sanatiitane anati titenge zikwama tipite ku 7.”

“Ndani wanena?”

“Aphunzitsi. Akuti tingaipitse dzina la sukulu.”

Ndinathamanga. Patapata mmodzi anaduka pa mlatho, ndinamunyamula m'manja, ndinakwera mtunda wonse uja osaima. Nditafika wojambula anali akupinda nsalu yake yoyera imene anaipachika pakhoma. Ana ojambulidwa akusekerera pakhonde. Ku sitandade 7 ndinasuzumira pawindo, ndinaona anzake a mwana wanga atakhala pansi kumbuyo, miyendo yaitali yosowa poipinda.

Ahedi anandilandira bwino, anandipatsa mpando.

“Khalani pansi, mayi, mupume kaye. Mwanayu tamuchitira chifundo. Akhwime chaka china.”

“Chifundo? Munandiuza kuti kuno mwana salephera.”

“Eya, sitimulola kuti akalephere.”

“Nanga akalemba n'kukhoza?”

Anavula magalasi, anatsitsa mawu ngati tili m'tchalitchi. “Mayi, kumene kumapita zotsatira amawerenga ana amene alemba, ndi angati akhoza mwa iwowo. Amene sanalembe sawafunsa. Tikatsika pa pepala lija, amene amaimiritsidwa pamaso pa mahedi anzake ndine. Makolo omwewa amayamba kuchotsa ana. Inuyo simunabwere kuno chifukwa cha pepala lomwelo?”

Zinali zoona. Pepala lija ndinaliwerenga ndi chala changa, ndinalivinira, ndipo tsiku limene ndinkavina ana a eni ake anali atakhala pansi ku 7, amayi awo ali m'nyumba, mitima ikuwawa ngati wanga tsiku limeneli. Ndinakumbukanso aphunzitsi anga akale akundiuza mawu omwewa, akhwime kaye, ndipo zaka zonsezi ndinkati ndinali mbuli ndine.

Ndinagwada, sindichita manyazi kunena. Ndinati wojambula sanachoke, muitaneni, ndi mwana mmodzi yekha. Anati ndikatero kwa inu nditero kwa onse. Ndiye ndinati ndipatseni kalata yosamutsira mwana.

Ndinkaganiza kuti andiletsa, andikumbutsa phala limene ndinaphika zaka ziwiri. Anatsegula dirowa, anatulutsa kalata, kulemba dzina, kudinda, basi. Sanafunse n'komwe kumene ndikupita naye.

M'mawa mwake tinatsikira ku sukulu ya kwathu ija, ya pansi pa pepala, imene ndinkainyoza pamaso pa anzanga kumjigo. Ahedi ake ndi bambo oonda, choko mpaka m'tsitsi. Anayang'ana kalata, anayang'ana mwana.

“Mwabwerera, achemwali? Amabwera ambiri nyengo ino, kuchokera komweko. Ife timalembetsa aliyense wofika 8, n'chifukwa chake mumatipeza pansi.” Anapukusa mutu. “Koma mayina a chaka chino tatumiza kale. Akhale mu 8 momwemo, asabwerere ku 7, adzalemba chaka chamawa.”

Chaka chathunthu. Ine ndikudziwa zimene chaka chimodzi chimachita kwa mtsikana. Chaka chimenecho ndinkamuperekeza mpaka pa geti ndisanakwere phiri, ndinkayang'ana amene akumupatsa moni panjira, akabaza akaima pafupi naye ndinkafika ndili wefuwefu. Ankakwiya nane, “Amayi, mukundichititsa manyazi.” Ndinkati kwiya, bola uli mu yunifolomu.

Zotsatira zitatuluka ndinamva ng'oma kumtunda. Mnzanga wa gulu la phala anandipeza kumsika, “Tiyeni tikavine, takhalanso nambala wani!” Ndinamufunsa kuti mwana wake ali kalasi yanji. Anati 7, kachiwiri, akuti akhwime.

Mwezi wathawu wojambula anabwera ku sukulu ya kwathu. Sindinadikire kunyumba. Ndinaima pa geti, mtolo uli pansi, mpaka ndinamva dzina lake likuitanidwa, mpaka ndinamuona ataima pa nsalu yoyera ija, kolala ili chiimire. Ahedi a kumtunda ndimawaonabe Lamulungu, amatembenuka kundipatsa dzanja la mtendere. Ndimapereka nsonga za zala.