Malaya omaliza a Fakiri

Ku Kanyenda mukafunsa za mayi Asiya Chande, aliyense akulozerani nyumba yonunkhira mandasi, pansi pa mtengo wa mango. Akazinga mandasi zaka makumi atatu, alera ana anayi, onse anabalalika, wina ku Dwangwa kodula nzimbe, enawo ku Joni. Ndi mayi aukhondo woopsa. Nkhuku ikangoponda pamkeka wawo woswalira, mudzi wonse umamva.

Ndiye tangoganizani tsiku lomwe amuna awo, a Fakiri, anatulukira ndi kagalu m'katoni pakaliyala wa njinga. Anati anyani atha chinangwa kumunda, kakakula kazikalondera. Mayi Asiya anakalipa mpaka mandasi kupserera pamoto: galu ndi najisi, chinthu chodetsa, pakhomo pa Msilamu akudzatani? A Fakiri, munthu wosadziwa kukangana, ankangoseka. Anakaika kukhitchini yapanja, ndipo poti kanali katangochoka kubere, kanalira usiku wonse. Mawa lake anavula malaya awo akumunda n'kukayalira m'katonimo. Kanangoti zii mpaka kucha.

Patangotha sabata, a Fakiri anagwa m'munda wa mpunga, khasu lili m'manja. Anaikidwa tsiku lomwelo. Amayi ophika pamaliro anaponya katoni ija pamoto ndi malaya omwe, ndipo abale anagawana zovala zotsala. Koma mayi Asiya anabisa malaya amodzi omwe anali kuseri kwa chitseko, osachapa, akununkhabe thukuta ndi matope akudambo. Analowa m'eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene namfedwa sachoka pakhomo, ndipo tulo ankatipeza pokhapokha malayawo ali pankhope.

Kagalu kaja kanayambiranso kulira, kulira kobaya mtima ngati kwa khanda. Mayi Asiya anayesa phala lofunda, anayesa chiguduli, anayesa botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje chakale. Olo pang'ono! Tsiku lachinayi alamu awo a Salimu, anyumba yoyandikana, anabwera maso ali psuu.

“Mlamu, kakaliranso lero, mawa ndikakaponya mumtsinje. Nafenso ndi anthu, timafuna kugona.”

Sikuti mayi Asiya ankakakonda, ayi ndithu. Koma kanali chinthu chomaliza chimene a Fakiri anabweretsa pakhomopo, ndipo olira onse atamwazikana, kokhako n'komwe kanali kakuwalirabe. Usikuwo katayamba, mayiwo anakhala pamphasa malaya ali m'manja. Mankhwala ake ankawadziwa bwino. Ankadziwanso kuti dovu la galu likangokhudza nsaluyo, sangaiikenso pankhope osaichapa kasanu n'kawiri, kamodzi ndi dothi. Nanga pamenepo pangatsale chiyani cha a Fakiri?

Ananunkhiza malayawo nthawi yaitali, kenaka anatuluka ndi tochi. Kagalu kanali kakunjenjemera pafupi ndi mafuwa. Anakayalira, kananunkhiza, kanazungulira kawiri, n'kulowetsa mphuno m'thumba la malayawo. Kanagona. Mayi Asiya anakasamba m'manja ndi dothi, akulira mosatulutsa mawu, n'kubwerera m'nyumba chimanjamanja.

M'mawa a Salimu anabwera akumwetulira, kudzafunsa kuti akachita chiyani kuti anthu agone chonchi. Atasuzumira kukhitchini n'kuona malaya a mchimwene wawo, anangobwerera osatsanzika.

Papita zaka zitatu tsopano. Galuyo anakula, anyani sayerekezanso kuyandikira chinangwa cha a Chande. Mayi Asiya samugwirabe, m'nyumba salowa, koma mandasi oyamba kuchoka m'mafuta ndi ake. Malaya aja anatha kalekale, anasanduka sanza. Tsiku lina mwana wawo wa ku Dwangwa anawapeza atakhala duu pakhonde, n'kuwafunsa chomwe chikuwadya mumtima.

“Ndayesa kukumbukira fungo la abambo ako,” anatero. “Silikubwera, mwanawe.”