Nsengwa ya Bindi

Ine ntchito yanga ndi yosema ziboda za mahatchi, ndiye anthu ambiri ndimawadziwira kumapazi a ziweto zawo. Koma Glenys Harradine ndinamudziwa kalekale. Tinkakhala benchi imodzi kusukulu ku Scone, ndipo chiyambire nthawi imeneyo sanandiuzepo mawu okoma. Dzina langa ndine Clarrie, koma iye ankangonditchula kuti Chimphuno. Sindikana, mphuno ndili nayo.

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi Glenys anali mzamba wa mahatchi a eni ake m'mafamu a m'chigwa chathu cha Hunter. Ogasiti akangolowa, nyengo yobereka mahatchi, munthu uja ankasowa, kutchalitchi osaoneka, kumaliro osaoneka, mpaka Disembala. Ana a mahatchi amene anawalandira ndi manja ake anapitirira chikwi. Ena anapambana mipikisano mpaka kuoneka pa kanema, koma dzina la Glenys silinamvekepo. Hatchi yakeyake inali imodzi yokha, Bindi, wofiirira, wa khutu limodzi lopindika. Mayi wa Bindi anafa pobereka, chaka chomwe anamwalira Neville, mwamuna wa Glenys, ndipo Glenys anamulera ndi botolo pakhonde. Amasiye awiriwo anakalambira limodzi.

Chimene Glenys ankatchuka nacho ndi nsengwa. Hatchi ikabereka, nsengwa imayenera kutuluka yonse pasanathe maola atatu. Kachidutswa kakatsalira m'chiberekero kamawola, poizoni amalowa m'magazi n'kutsikira kumapazi. Ndiye iye nsengwa iliyonse ankaiyala pasimenti ngati buluku lochapa, mwendo wina uku wina uko, n'kulowetsamo paipi ya madzi kuti aone ngati pena pakudontha. Mabwana ena ankamuseka kuti amachapa zotaya.

"Osaganizira, Chimphuno, kuyang'ana," ankatero. "Oganizira onse anakwirira mahatchi awo."

Chaka chatha mu Seputembala, Lamlungu m'mawa dzuwa litatuluka, Bindi anabereka kamwana kakakazi kumpanda wa kuseri kwa nyumba. Ine ndinafika cha m'ma 9 koloko kudzaona khandalo. Ndinapeza nsengwa ikulendewerabe, Glenys ataimanga mfundo ndi chingwe cha mabelo a udzu kuti Bindi asaiponde.

"Ukoke pang'ono, mayi," ndinamuputa dala.

"Ndikoka mphuno yakoyo. Gwira chingwe cha kumutuko, maola atatu akwana."

Anam'baya jakisoni wa okisitosini, mankhwala aja amafinyitsa chiberekero kuti chikankhe zotsalira. Bindi anayamba thukuta, kupalasa pansi, kubuula ngati akuberekanso. Patapita mphindi makumi atatu Glenys anabayanso pang'ono, ndipo posakhalitsa nsengwa ija inagwa pansi, phwa! Tonse tinapumira m'mwamba.

Nthawi yomweyo kamwana kaja, miyendo ikadali gwedegwede, kanakodwa muwaya wa mpanda. Tinathamangirako. Kukamasula kunatitengera mwina mphindi khumi. Pobwerera tinapeza Tucker, galu wa Glenys, ataima pansengwa paja, kukamwa kuli magazi okhaokha.

"Choka apo, chigalu chosusuka iwe!" Glenys anamugenda ndi jombo.

Anayala nsengwayo monga mwa nthawi zonse, n'kutsegula madzi. Mwendo waukulu unafufuma bwinobwino. Wawung'onowo madzi anangodutsa, kansonga kake kunalibe. Glenys anagwada pamenepo nthawi yaitali akutembenuza pong'ambikapo.

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa zimandidya mumtima. Woyamba kutsegula pakamwa ndinali ine. Munthu aliyense wa pafamu amadziwa kuti galu ndi nsengwa sasiyana, ndipo tonse tinaonapo agalu akuthawa nazo.

"Wameza ndi mnzakoyu," ndinatero. "Sukumuona ndevuzo? Usavutitse adokotala Lamlungu chifukwa cha galu wadya mfisulo."

Anayang'ana galu, anayang'ana Bindi amene anali akudya udzu, mwana akuyamwa. Zonse zinkaoneka zabwino, ndipo munthuyo anali atatopa.

"Kamodzi pa moyo wako mwina wanena zanzeru," anatero, n'kukatereka tiyi. Tinamwera mabisiketi tikuseka Tucker, amene anabisala pansi pa galimoto.

Lachiwiri masana foni inalira. "Clarrie, bwera." Nditamva dzina langa lenileni m'kamwa mwake, ndinanyamuka nthawi yomweyo.

Ndinapeza Bindi ataima miyendo yakutsogolo ataitambasulira kutsogolo, thupi atalikankhira kumbuyo, ngati akukana kuwoloka mtsinje. Kaimidwe kameneko ndimadana nako kuposa china chilichonse pa ntchito yanga. Ndinagwira chiboda, chinali chotentha ngati ketulo. Kumchira kunkatuluka fungo loti ntchentche zinali zitamva kale.

Dokotala wa ziweto, mayi Imogen Sattler, anafika n'kuyamba kutsuka chiberekero ndi ndowa zamadzi. Pandowa yachitatu kanatuluka kanthu kakuda, kowola, kakakulu ngati chikhatho changa. Adokotala anakaika pachivundikiro cha ndowa.

"Nenani, adokotala," anatero Glenys. "Ndine wamkulu."

"Mayi Harradine, mukudziwa kale kuposa ine. Tiyeni tipeze ayezi wambiri, tiyese kupulumutsa mapaziwa."

Tinayesa, Mulungu ndi mboni. Ayezi tinagula yense wa kumalo omwetsera mafuta, kuviika mapazi a Bindi usana ndi usiku. Okisitosini ankabayidwa maola angapo alionse, mankhwala ena opha tizilombo, ena oletsa ululu. Chiberekero chinayera, kutentha thupi kunatsika, koma mapazi anali atapita kale. Ndinam'pangira nsapato zamatabwa, ndinaika zofewa pansi, ndinachita zonse zimene manja angawa amadziwa. Sabata yachitatu nditanyamula phazi lakumanzere, ndinaona fupa litaboola pansi pa chiboda. Ndinalibweza pang'onopang'ono. Glenys anaona nkhope yanga n'kudziwa.

Bindi ankagona chammbali tsiku lonse, koma mwana akalira ankadzuka, akunjenjemera thupi lonse, kuti ayamwitse. Zimenezo ndi zimene Glenys analephera kupirira. Anaitana yekha adokotala, anagwira yekha mutu wa Bindi, akumusisita khutu lopindika lija mpaka jakisoni womaliza atagwira ntchito. Ine ndinalira ngati mwana, iye ayi. Kamwana kaja anakapereka kufamu ina kumene kunali hatchi yoferedwa, ndipo sanapiteko kukakaona.

Chaka chino Ogasiti walowa, mafoni a mabwana akulira, Glenys sakuyankha. Akuti munthu woganizira asayandikire hatchi ya mwini. Paipi ija ili pomwe anaisiya, udzu wamera pamwamba pake. Ndikapitako ndimamupeza pakhonde, Tucker ali kumapazi, akumupatsa nyama yonse ya m'mbale mwake.

"Sanadye kanthu uyu," anandiuza tsiku lina. "Anangonyambita. Ndinamugenda jombo wosalakwa."

"Wolakwa ndine, Glenys. Ndine ndinanena."

"Iwe unanena, ine ndinamvera. Umwa tiyi, Clarrie?"

Ndikanakonda akanandigenda ine jombo ija, kapena kundithamangitsa pakhomo pake. Koma amandilandira bwino, amandithirira tiyi, amandifunsa za bondo langa. Chaka chatsala pang'ono kukwana tsopano, ndipo sananditchulenso Chimphuno.