Njinga Yamoto Pakati pa Apongozi ndi Mkamwini

Amayi Elina Sakala anabadwira ku Katete mu 1958, ndipo anafika ku Kafue mu 1979 potsatira amuna awo, Bambo Chindikani, amene ankagwira ntchito yokonza njanji. Bambowo atamwalira mu 2016, anasiya nyumba ya ku Nangongwe, ku Kafue komweko, ndi zidutswa za mitengo yoyala pansi pa njanji, zimene mayiwo anazisandutsa mipando ya alendo.

Mu 2021 mwana wawo Joy anakwatiwa ndi Owen Mulenga, woimba kwaya kutchalitchi cha Pentekosite, amene amatuta tomato ku Shimabala pa njinga yamoto yolemera ngati ng'ombe. Banjalo linakhala m'chipinda chakuseri kwa nyumbayo. Amayi Elina anasungabe mwambo wa kwawo wakuti mpongozi sayandikana ndi mkamwini, ndiponso salankhula naye mwachindunji. Mawu onse ankadzera mwa Joy, ngakhale opempha mchere.

Loweruka lina mu Okutobala 2023, Joy atapita ku msonkhano wa amayi, Owen anaganiza zosintha shoko yakumbuyo, chitsulo chija chimene chimameza mabampu, popeza tomato ankafika pamsika ataphwanyika. Anaika jeke ya galimoto pamchenga, pansi pa injini, nakweza njingayo. Atakanikiza sipanala pa bawuti wolimba, jeke inatitimira, njinga n'kupendekera kwa iye. Anaitchinga ndi phewa ali chogwada, mwendo wamanja uli pansi pake. Pabwalo panalibe wina koma apongozi, amene ankasankha nyemba pakhonde atamufulatira.

Owen analingalira za ulemu, analingaliranso za mwendo.

"Iwe njinga," anatero mwaphuma, "uwauze apongozi kuti nili pansi pako, ndipo sinizakwanisa nthawi itali."

Amayi Elina anaika lichero pansi.

"Iwe njinga, uwafunse abwana ako ngati analotapo jeke ikuima pamchenga."

"Uwauze kuti nalapa! Mafunso abwere pambuyo!"

Mayiwo anamanga chitenje mwamphamvu, anakoka umodzi wa mipando ya alendo, naukankhira pansi pa felemu kumbali yopendekerayo, nkhope atalozetsa ku mpanda. Kenako anagwira mahandulo. Owen anasolola mwendo, nakhala pansi ali wefuwefu.

Ntchito inayambanso, koma tsopano motsatira malamulo a malemu Bambo Chindikani, amene pa zaka zawo zonse za panjanji sanapanidwepo ngakhale chala. Njingayo inatsitsidwa, n'kukankhidwira pakhonde la simenti. Buleki yakutsogolo inamangidwa ndi mphira, tayala lakutsogolo linatchingidwa ndi njerwa, ndipo mabawuti anamasulidwa pang'ono matayala onse ali pansi. Jeke inaikidwa pa thabwa lotakata, ndipo njinga ikakwera pang'ono, mtengo unkalowetsedwa pansi pa felemu.

"Iwe njinga," anatero Amayi Elina, manja ali pa mahandulo, "uwauze kuti jeke ntchito yake ndi kukweza basi. Chogonera chako ndi mtengo. Komanso munthu sakweza chinthu chomuposa ali yekha."

"Uwauze kuti Ameni."

"Uwauze kuti Ameni samanga bawuti. Atenge sipanala."

Shoko yatsopano inalowa dzuwa lisanapendeke. Njinga itatsika n'kuima pa matayala ake, Owen anaikhalira, ndipo inanyuta mofewa. Potsika anatsimphina pang'ono. Amayi Elina anaona, ngakhale kuti ankachita ngati sakuyang'ana. Anatembenuka, namuyang'ana mkamwini wawo kumaso, koyamba chilowereni iye pabwalopo.

"A Mulenga, mwendowo uli bwanji?"

Owen anasowa poyang'ana. Anavula chipewa, anagwada pa bondo labwinolo, naweramira thanki ya petulo.

"Iwe njinga," ananong'ona, "uwauze kuti uli chabe bwino."