Mpando wa m'chipinda cha alendo

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma m'laibulale ya mumzinda wa Hull, kuno kudziko la eni, ndinamaliza buku lonse lonena za mmisiri wina wa mipando wa ku Denmark. Iye ankakhulupirira kuti mpando wabwino ndi wa aliyense, makamaka wantchito wotopa. Ndinamumvera ngati mbusa.

Kunyumba yosamalirako okalamba kumene ndinkagwira ntchito kunali mpando wa mtundu womwewo, m'chipinda cha alendo. Unali wa thabwa loyera, wopanda chokongoletsa chilichonse. Tsiku lina msana utandivuta chifukwa chonyamula okalamba, ndinakhalapo. Ayi ndithu, mmisiri uja sananame! Mpandowo unandigwira pomwe pankapweteka penipeni.

Abwana anatulukira pakhomo. "Umenewo ndi wa alendo," anatero akumwetulira.

Ndinafuna kuwalalikira zonse za m'buku muja, ine katswiri wa mipando. Koma viza yanga yokhalira m'dziko muno inali m'manja mwawo. Ndinadzuka msangamsanga n'kupepesa, kenako ndinapukuta pamene ndinakhala paja ndi mkono wa yunifomu yanga, iwo asanandiuze n'komwe.